Woyeza Asakhale Mwini Masewera: Mbiri ya Bungwe la WADA

Pa Mzuzu Stadium munthu akanena kuti timu ina yabwera ndi mankhwala, aliyense amadziwa chimene chikunenedwa. Akunena za zithumwa zokwiriridwa pagolo, za osewera okana kulowera pachipata n'kukwera mpanda, za madzi owazidwa pakhomo la chipinda chovalira. Pa mankhwala amenewo takangana zaka zambiri. Koma alipo mankhwala ena amene sitiwatchula kawirikawiri, omwe sakwiriridwa pansi koma amamwedwa kapena kubayidwa m'thupi, ndipo mphamvu yake siyembekeza kuti munthu ayambe wakhulupirira. Ma steroid amakulitsa minofu ndi kuchiritsa thupi msanga likatopa ndi zolimbitsa thupi. EPO imachulukitsa maselo ofiira a magazi, kotero wothamanga sabanika msanga. Bungwe limene mayiko anakhazikitsa kuti lithane ndi mankhwala otere ndi World Anti-Doping Agency, mwachidule WADA. Mbiri yake, pamodzi ndi mbiri ya masewera a baseball ku America amene anakana kulowa pansi pake, ikutiuza chinthu chimodzi momveka bwino: amene amadya ndalama za pachipata ndi za otsatsa malonda sangathe kuyeza osewera ake moona mtima. Woyeza ayenera kuchokera kunja, ndipo malipiro ake asadalire kukondwa kwa mwini masewera.

Kuyeza sikunayambe ndi WADA. Mu Julaye 1967 Tom Simpson, katswiri wa njinga wa ku Britain, anagwa ndi kumwalira akukwera phiri la Ventoux pampikisano wa Tour de France, ndipo m'thupi mwake munapezeka ma amphetamine. Chaka chotsatira komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki, IOC, inayamba kuyeza mkodzo wa opikisana, ndipo ma steroid anayamba kufufuzidwa pa Olimpiki ya ku Montreal mu 1976. Papepala khomo linaoneka lotseka. Koma m'zaka zomwezo boma la East Germany linkamwetsa othamanga ndi osambira ake masauzande, ambiri mwa iwo atsikana achichepere, mapiritsi a Oral-Turinabol, n'kumawayeza kwawo asananyamuke kuti amene mankhwala akuonekerabe mumkodzo atsale. Dziko la anthu pafupifupi 17 miliyoni linkakolola mamendulo ochuluka zedi, oyendetsa masewera akuwomba m'manja. Ben Johnson wa ku Canada atathamanga mamita 100 m'masekondi 9.79 ku Seoul mu 1988, n'kulandidwa mendulo patangopita masiku atatu chifukwa cha stanozolol, ambiri anati umenewu ndi umboni woti kuyeza kukugwira ntchito. Kafukufuku amene boma la Canada linachita pambuyo pake motsogozedwa ndi woweruza Charles Dubin anaonetsa zina. Johnson anayamba ma steroid mu 1981, ndipo zaka zonsezo ankayezedwa n'kumadutsa.

Amene anagwedeza zinthu mpaka WADA kubadwa anali alonda a pamalire a dziko. Mu Julaye 1998, Tour de France itatsala pang'ono kuyamba, anaimitsa galimoto ya timu ya njinga ya Festina pamalire a Belgium ndi France, yoyendetsedwa ndi Willy Voet, wosamalira matupi a opalasa. M'galimotomo munali timabotolo mazanamazana ta EPO, testosterone ndi mankhwala okulitsa thupi. Apolisi analowa m'mahotela, timu yonse inachotsedwa mumpikisano, ndipo zinadziwika kuti chinyengocho chinali dongosolo la timu lokhala ndi madokotala ndi thumba lake la ndalama. Bungwe la masewera a njinga, limene linkayeza anthu omwewo chaka ndi chaka, silinaulule dongosololi. Choncho IOC itaitanitsa msonkhano ku Lausanne mu Febuluwale 1999, nduna za maboma zinakana kuti ntchitoyi ikhalenso m'manja mwa IOC yokha, makamaka popeza nthawi yomweyo mamembala ena a komitiyo anali pamlandu wolandira ziphuphu pa chisankho cha mzinda wa Salt Lake City. WADA inakhazikitsidwa pa 10 Novembala 1999, mtsogoleri wake woyamba ali loya wa ku Canada Dick Pound, ndipo mu 2002 likulu linasamukira ku Montreal. Anagwirizana kuti ndalama ndi mipando zigawidwe pakati, theka a masewera, theka maboma.

Ntchito yaikulu ya bungweli inali kulemba lamulo limodzi la masewera onse, pakuti kale bungwe lililonse linali ndi mndandanda wake ndi zilango zake. Lamulolo linavomerezedwa ku Copenhagen mu Malichi 2003 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2004, ndipo maboma anadzimanga nalo kudzera m'pangano la UNESCO la pa 19 Okutobala 2005. WADA payokha siyendayenda ndi mabotolo. Imatulutsa mndandanda wa mankhwala oletsedwa chaka chilichonse, imavomereza malabotale, imayang'anira mabungwe a m'mayiko, ndipo ikaona kuti mlandu wapeputsidwa imakachita apilo kubwalo la milandu ya zamasewera ku Lausanne. Mkodzo umagawidwa m'mabotolo awiri, A ndi B, omatidwa wosewera akuona, olembedwa nambala m'malo mwa dzina. Woyeza angathe kufika kunyumba m'mawa popanda kuchenjeza, chifukwa ma steroid amagwiritsidwa ntchito nthawi yokonzekera, kutali ndi tsiku la mpikisano. Chilango choyamba chinali zaka ziwiri, ndipo kuyambira 2015 ndi zaka zinayi kwa wochita dala. Mabotolo amasungidwa mpaka zaka khumi, ndipo a ku Beijing 2008 ndi London 2012 atayezedwanso ndi njira zatsopano, anthu oposa 100 anagwidwa. Akulu anati mlandu suwola.

Chilimwe chomwecho cha Festina, ku America kunali chikondwerero. Baseball ndi masewera amene kuno sitiwaona kawirikawiri: wina amaponya kampira kolimba, mnzake amakamenya ndi chibonga, ndipo kakakagwera kuseri kwa mpanda amati wamenya home run, imene ochemerera amaikonda monga ife tikondera chigoli. Ligi yaikulu, Major League Baseball, inali itangovulala ndi sitalaka ya osewera ya 1994, imene inafafaniza masewera omaliza a World Series ndi kukhumudwitsa anthu ambiri. Ndiye mu 1998 Mark McGwire anamenya ma home run 70, Sammy Sosa 66, onse kupitirira 61 ya Roger Maris imene inakhala osagwedezeka kuyambira 1961. Mabwalo anadzaza. Mtolankhani wa Associated Press, Steve Wilstein, ataona botolo la androstenedione pamalo osungira zovala a McGwire n'kulemba nkhani, ambiri anakwiyira iyeyo m'malo mofunsa za botololo. Mankhwalawo anali oletsedwa kale ku Olimpiki, koma mu baseball anali ololedwa. Kalata yoletsa ma steroid inalipo, yolembedwa ndi mkulu wa ligi Fay Vincent mu 1991, koma panalibe kuyeza kulikonse. Eni matimu ankawerenga ndalama, bungwe la osewera motsogozedwa ndi Donald Fehr linkati kuyeza n'kulowerera ufulu wa munthu, ndipo mbali ziwiri zimene zinkakangana pa china chilichonse zinagwirizana pa kukhala chete. Mu 2001 Barry Bonds anamenya 73.

Onani tsopano kumene kusintha kulikonse kunachokera. Mu 2002 Ken Caminiti, atapuma, anauza magazini ya Sports Illustrated kuti ankagwiritsa ntchito ma steroid mu 1996, chaka chimene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yake. Manyazi a nkhaniyo ndiwo anabala kuyeza koyamba mu 2003, komwe kunali kwachinsinsi ndi kopanda chilango, kongofuna kudziwa kukula kwa vuto. Ngakhale osewera ankadziwa kuti ayezedwa, pakati pa 5 ndi 7 mwa 100 alionse anapezeka ndi mankhwala. Chaka chomwecho mphunzitsi wa othamanga Trevor Graham anatumiza jakisoni ku bungwe loyeza la America, USADA, ndipo Don Catlin wa labotale ya ku Los Angeles anatulukiramo THG, steroid yopangidwa dala kuti isaoneke poyeza. Ofufuza a boma analowa m'nyumba ya kampani ya BALCO mu Seputembala 2003, ndipo m'mapepala ake munali mayina a akatswiri a baseball ndi a liwiro. Ngakhale zinali choncho, chilango cha ligi mu 2004 kwa wogwidwa koyamba chinali uphungu basi, dzina osatulutsidwa. Kumayambiriro kwa 2005 chinafika pa masiku 10, pamene wothamanga wogwidwa ndi mankhwala omwewo pansi pa WADA ankakhala zaka ziwiri. Zinatengera aphungu a nyumba ya malamulo kuitana osewera ndi akuluakulu a ligi pa 17 Malichi 2005, n'kuwaopseza ndi lamulo la boma, kuti mu Novembala chilango chikwere kufika pa masewera 50, kenako 100, kachitatu moyo wonse. Rafael Palmeiro, amene tsiku limenelo anakana kwamtuwagalu pamaso pa aphungu, anagwidwa ndi stanozolol chaka chomwecho.

Lipoti la George Mitchell lofufuza za mankhwala mu baseball, lotuluka pa 13 Disembala 2007, linatchula osewera oposa 80 ndipo linanena poyera kuti mlandu unali wa onse: akulu a ligi, eni matimu, bungwe la osewera ndi osewera eniake. Nkhani ya chipatala cha Biogenesis mu 2013, imene inachititsa kuti Alex Rodriguez akhale kunja chaka chonse cha 2014, inaululidwa ndi nyuzipepala ya Miami New Times. Tiyenera kuvomereza kuti lero baseball imayeza kwambiri, mkodzo ndi magazi omwe, ndipo kuyambira 2014 chilango choyamba ndi masewera 80. Wina angatenge zimenezi ngati umboni woti mwini masewera angathe kudzikonza popanda WADA, popeza mpaka pano ligiyi sinasaine lamulo la WADA. Koma pa masitepe onse amene tawerengawa palibe limodzi limene ligi inaponda mwa kufuna kwake. Inakankhidwa ndi mtolankhani, wasayansi, wapolisi ndi phungu, ndipo dongosolo lake linayamba kukhulupirika pamene inapereka kuyeza kwa woyang'anira wodziimira payekha ndi kumatumiza mabotolo ku malabotale ovomerezedwa ndi WADA. Zaka zoposa khumi za chete uja zinawononga kwambiri osewera oona mtima amene anataya malo awo m'timu, ndipo mayina awo palibe amene anawalemba.

WADA nayo siinathawe nthenda imeneyi, ndipo kugwa kwake kukutsimikiza mfundo yomweyi. Theka la mipando yake ndi la a masewera, ndipo Craig Reedie ankatsogolera WADA ali wachiwiri kwa pulezidenti wa IOC. Vitaly Stepanov, amene anagwirapo ntchito m'bungwe loyeza la Russia, anayamba kulembera WADA mu 2010 kuulula zimene zinkachitika, koma zinthu zinasuntha pokhapokha wailesi ya kanema ya ARD ya ku Germany itaonetsa umboni wake mu Disembala 2014. Mu 2016 Grigory Rodchenkov, yemwe anali mkulu wa labotale ya Moscow, anafotokoza momwe pa Olimpiki ya ku Sochi mu 2014 mabotolo ankadutsira pabowo lapakhoma usiku n'kusinthidwa mkodzo, ndipo lipoti la wofufuza Richard McLaren linapeza kuti opikisana oposa 1,000 anapindula ndi dongosololi. Chilango cha zaka zinayi chimene WADA inapereka kwa Russia mu Disembala 2019 chinadulidwa pakati ndi bwalo la apilo. Mu 2024 zinadziwikanso kuti osambira 23 a ku China anapezeka ndi trimetazidine mu 2021, WADA n'kuvomereza kuti anaidya mosadziwa m'chakudya, nkhani osalengezedwa.

Apa ndi pamene Mmalawi woganiza bwino angafunse kuti, nanga tilemekezerenji bungwe limene limafewa pamaso pa mayiko amphamvu n'kumaumira ife? Kenya inalengezedwa kuti sikutsata lamulo mu Meyi 2016, Olimpiki ya ku Rio ili pakhomo. South Africa mu 2023 inatsala pang'ono kuletsedwa kukweza mbendera yake chifukwa lamulo lake la dziko linali lisanakonzedwe. Dandauloli lili ndi maziko, ndipo sindikulipeputsa. Koma kukondera kumachitika pamene woyeza ali pafupi kwambiri ndi mwini ndalama, choncho mankhwala ake n'kumutalikitsa, osati kuleka kuyeza. Masewera a liwiro atakhazikitsa nthambi yodziimira payokha, Athletics Integrity Unit, mu 2017, akatswiri otchuka anayamba kugwidwa motsatizana. Ndipo za ku Kenya sizinali zopeka. Rita Jeptoo, Jemima Sumgong amene anapambana mpikisano wa marathon ku Rio, ndi Asbel Kiprop, onse anapezeka ndi EPO. Amene anavutika ndi zaka za kulekerera anali Akenya anzawo othamanga ndi mphamvu zobadwa nazo, amene kulikonse ankapita ankakayikiridwa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Malawi anavomereza pangano la UNESCO lija, ndipo ntchitoyi kuno ili m'manja mwa Malawi Anti-Doping Organisation, MADO, imene imagwirira limodzi ndi bungwe la chigawo chino cha Africa lokhala ku Gaborone. M'dziko muno mulibe labotale yovomerezedwa ndi WADA. Ya ku Bloemfontein, imene mayiko a kumwera kuno ankadalira, inaimitsidwa mu Malichi 2024. Botolo lotengedwa pa Mzuzu Stadium liyenera kuyenda makilomita oposa 350 kukafika ku Lilongwe, kenako kukwera ndege, ndipo kuyeza kumodzi kumadya madola mazana angapo. Ndiye funso lachiwiri limabwera, ndipo ndi lolemera kuposa loyamba: osewera athu ambiri amatha miyezi osalipidwa, matimu a Kumpoto amavutika kupeza ndalama ya basi yopitira ku Blantyre, tsono ndalama yoyezera mkodzo ichokere kuti? Yankho langa ndi lakuti palibe amene akupempha kuyeza aliyense sabata iliyonse. Mphamvu ya kuyeza ili m'kusadziwika kwa tsiku ndi dzina. Mabotolo ochepa pachaka, otengedwa mosayembekezereka ku Mzuzu, ku Karonga ndi ku Chitipa monga ku Lilongwe, amaopsa kuposa mabotolo ambiri otengedwa pa fainolo imene aliyense akuidziwa. Ndipo umphawi sumuteteza wosewera ku mankhwala. Mnyamata amene akudziwa kuti kontirakiti imodzi ya ku South Africa ingasinthe moyo wa banja lonse ndiye ali pachiyeso chachikulu.

Chigawo cha Kumpoto chimatumiza ana ake kutali. Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi anafika ku Lyon ndi ku Kansas City, Gabadinho Mhango ku South Africa, Mwai Kumwenda wa ku Mzimba ku Australia, konseko kumene woyeza angafike tsiku lina lililonse. Mtsikana wa ku Chibavi kapena Zolozolo amene akuwatsatira adzakumana ndi lamulo lolimba kwambiri la WADA, lakuti chilichonse chopezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe. Kwathu kuno msampha umenewu uli paliponse. Prednisolone ndi dexamethasone zomwa kapena zobaya n'zoletsedwa pampikisano. Mapiritsi ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine. Tramadol analowa pamndandanda pa 1 Januwale 2024. Chamba, ngakhale lamulo la 2020 linalola kuchilima pa ntchito zachipatala ndi zamafakitale, n'choletsedwabe pampikisano, ndipo chinamanitsa Sha'Carri Richardson wa ku America mpikisano wa mamita 100 ku Tokyo mu 2021. Ufa wokulitsa minofu umene anyamata onyamula zitsulo amagula nthawi zina umakhala ndi zimene sizinalembedwe pachitini. Ena amati lamuloli ndi lankhanza kwa wosadziwa. Koma likadakhala lofuna umboni wa zimene munthu ankaganiza, wachinyengo aliyense akadati sanadziwe. Nkhanza yeniyeni ili pa kulanga munthu ndi mndandanda wa Chingerezi cha madokotala umene palibe anamufotokozera, kapena kusamuuza kuti wodwala mphumu kapena shuga ali ndi ufulu wopempha chilolezo chogwiritsa ntchito mankhwala ake.

Palinso amene amati thupi ndi la mwini wake, munthu wamkulu asankhe yekha. Koma mmodzi akamwa, mnzake wolimbirana naye malo sakhalanso ndi ufulu weniweni wokana, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli ana. Taylor Hooton, mnyamata wa zaka 17 wosewera baseball kusekondale ku Texas, anadzipha mu Julaye 2003 atangoleka ma steroid, ndipo bambo ake anali m'gulu la amene analankhula pamaso pa aphungu tsiku lija la mu 2005. Ku Berlin mu 2000 bwalo linapeza akuluakulu a masewera a East Germany, Manfred Ewald ndi Manfred Höppner, olakwa pa kuvulaza matupi a atsikana. Ma steroid amawononga chiwindi ndi mtima, amachepetsa mphamvu yobereka mwa mwamuna, amakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu mwa mkazi, ndipo mwa wachinyamata angathe kuimitsa msinkhu.

Pempho langa likupita poyamba kwa aphungu athu ndi unduna woona zamasewera. MADO ikhale ndi ndalama yakeyake yochokera kuthumba la boma, yosadutsa m'manja mwa bungwe lililonse limene osewera ake akuyezedwa, ndipo posankha woti ayezedwe pasakhale mkulu wa FAM, wa SULOM kapena wa timu amene auzidwe pasadakhale. Amenewa atsegule zipata ndi kupereka chipinda, kusankha asiyire ena. Likupitanso kwa makochi ndi madokotala a matimu, kuyambira Moyale Barracks ndi Mzuzu City Hammers mpaka timu ya achinyamata ya ku Chiputula. Mndandanda watsopano umayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale chaka chilichonse. Ligi isanayambe, khalani pansi ndi osewera anu, muwawerengere mankhwala amenewo mayina ake monga alembedwera pamapaketi a ku famase, ndipo muwafotokozere m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa.